Ananola Mbali Zonse Ziwiri

Amene analakwira Gideon Chulu anali Teddy, mwana wa mlongo wake wa bere limodzi. Anamulakwira mu Okutobala, chaka chija njovu zinagumula nkhokwe za anthu kufupi ndi Nkwali, dzuwa likuwotcha mpaka nkhuku kumayenda kukamwa kuli yasa. Teddy alipo mpaka lero. Amapalasa njinga yake, amapereka moni, ndipo anthu amamuyankha. Chimene anaba sichinali mbuzi kapena mfuti. Chinali choboolera: chitsulo chachitali chofika m'chifuwa, chopotana ngati nyanga ya ngoma, chokhala ndi chogwirira chopindika pamwamba ndi mipeni iwiri yaing'ono yokhota kunsi kwake.

Anachibweretsa ndi Luckson, mwana yekhayo wa Gideon. Luckson ankaperekeza alendo kukaona nyama pa kampu ina ya m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa, mpaka mtsikana wina wachizungu anamukonda n'kupita naye kwawo ku Finilandi. Chipitireni anabwerako kamodzi kokha, mayi ake ataikidwa kale m'manda. Anthu ankayembekezera masutikesi. Iye anatsika m'galimoto ndi chikwama chimodzi ndi chitsulo chimenechi.

"Atate," anatero, "kumene ndikukhalako nyanja imaundana ndi kuzizira mpaka kuuma ngati mwala. Anthu amayenda pamwamba pa madzi. Amaboola ndi ichi, n'kukhala pa ndowa, n'kuponya mbedza pabowopo."

"Ndiye wandinyamulira cha chiyani? Wamva kuti Luangwa aundana liti?"

"Thawale lanu lija likauma pamwamba, milamba imapita kuti? Siibisala pansi m'matope? N'chimodzimodzi, atate. Kungoti ayezi wa kuno ndi wakuda."

M'mawa mwake anapita awiriwiri kuthawale. Pamwamba matope anali atauma gwa, ong'alukang'aluka ngati chidendene cha mlimi, koma pansi pake panali phala lozizira m'mene milamba imadikiriramo mvula. Kale Gideon ankakumba ndi khasu mpaka msana kulira. Tsiku limenelo anangozungulitsa chogwirira, chitsulo chinalowa chokha ngati chikudziwa njira, ndipo pabowo panatuluka thovu. Analowetsa mkondo, natulutsa mlamba wonenepa ngati mwendo wa munthu. Onse awiri anaseka ngati ana. Kuchokera tsiku limenelo Gideon sanasekenso choncho.

Madzulo Luckson anamupatsa kamwala konolera, kotuwa, kosaposa chala.

"Mbali imodzi yokha, atate, yopendekerayi. Yosalalayi musaikhudze. Ichi si chikwanje. Mukanola mbali zonse ziwiri ndiye kuti mwachipha, chizingoterera pamwamba. Matope aziidya mipeniyi pang'onopang'ono, koma ndikamadzabweranso ndidzanyamula yatsopano."

Zaka zinapita. Mafoni anayamba kutalikirana ngati mvula ya kumapeto. Gideon ankasunga choboolera m'saka lomangirira kudenga pamwamba pa mphasa yake, ndipo ankachitsitsa nyengo ya milamba yokha. Koma m'mawa uliwonse, asanatsegule chitseko, ankatambasula dzanja n'kugunda sakalo. Umenewo ndiwo unali moni wake kwa mwana. Kamwala kankakhala m'thumba la malaya, kutchalitchi ndi kumunda komwe.

Kumapeto kwa Okutobala wa njovu uja kunagwa maliro a msuweni wake ku Mambwe, ndipo Teddy ndiye anamunyamula pa njinga popita ndi pobwera. Atabwerako, Gideon anaona kuti thawale lauma mokwana. Anamasula saka kudenga, naliika pamphasa, nalifunyulula. M'katimo munali paipi ya dzimbiri yomangirira ku mpini wa khasu.

* * *

Gideon sankakhulupirira apolisi, monganso sankakhulupirira ogula thonje, olonjeza zitsime ndi abusa onenepa. Koma anavala nsapato napita. Kupolisi anapeza mayi wamtali dzina lake Nasilele, wochokera ku Mongu, amene Chinyanja chake chinali cha m'tauni.

"Ba Gideon, nenani bwinobwino. Mwataya chiyani? Choboolera madzi?"

"Madzi oundana."

"Kuno ku Mfuwe? Mu Okutobala?"

"Ngati mukufuna kuseka, sekani, ine ndizipita."

"Iyayi, khalani pansi. Ine ndine mwana wa msodzi, sindiseka chida cha munthu. Mukuganizira ndani?"

Gideon ankaganizira aliyense. Anatchula mphunzitsi wa lendi pafupi ndi nyumba yake. Anatchula anyamata a mowa wa masau. Anatchula ngakhale mayi wina amene anakangana naye za malire a munda kalekale, amene tsopano amayendera ndodo.

"Nanga amene amalowa m'nyumba mwanu popanda odi?"

"Teddy yekha, mwana wa mlongo wanga Harriet. Koma ameneyo muchotsenipo. Chabedwa ndili kumaliro, ndipo kumaliroko ndinali naye. Tinagona pamphasa imodzi."

Nasilele anatenga chipewa chake. Atafika kunyumba ya Gideon sanayang'ane chitseko nthawi yaitali, poti loko wake ankatseguka ndi msomali. Anakhala pa mpando, naika paipi ija pamiyendo, naitembenuzatembenuza ngati mayi wosankha mbatata.

"Choboolera chanu munachiona liti komaliza?"

"Ndimachigwira m'mawa uliwonse. Ndi tsiku lonyamuka lomwe ndinachigwira."

"Kuchigwira kapena kuchiona?"

Gideon anakweza maso kudenga kumene saka linkakhala.

"Bwerani pafupi. Mavu awa omanga ndi dothi mumawadziwa?"

"Ndinabadwa dzulo ine?"

"Ndiye onani nyumba yawo apa, pamene paipi yakumana ndi mpini. Ankalowera pa chibowo cha sakachi. Zipinda zonsezi zamangidwa, zatsekedwa, ndipo zauma mpaka kuyera. Mavu samanga mudzi wotere pa masiku a maliro okha. Ba Gideon, chitsulo chanu chinachoka msuweni wanu akadapuma. M'mawa monsemu mwakhala mukugwira paipi."

Gideon anayang'ana dzanja lake. Anafuna kulipukuta, koma panalibe choti apukute.

"Manje tiyeni kuthawale," anatero Nasilele. "Wakuba khasu sabera kuti alipachike. Amakalimira."

* * *

Kuthawale anapeza munthu atawerama pakati pa matope, milamba ili pambali pake yotungidwa pa luzi. Anali Teddy. Atawaona anadzuka mofulumira, navula kapusi, nayamba kumwetulira kutali.

"Mwaswera bwanji, amalume? Mwaswera bwanji, madamu? Ndamva za tsokali, mtima wanga wasweka. Anthu a masiku ano alibe mantha, kubera nkhalamba ili kumaliro! Mukamupeza mundiitane ndimugwire miyendo."

M'manja mwake munali choboolera china. Anthu ataona milamba ya Gideon zaka zapitazo, Ruben wowotcherera zitsulo pamsika anayamba kupanga zake zotengera, ndi zitsulo zomangira nyumba ndi sipulingi ya galimoto. Teddy anali mmodzi mwa amene anagula.

"Boolani ndione," anatero Nasilele.

Teddy analavulira m'manja, nakanikiza chogwirira ndi mimba. Chitsulo cha Ruben chinali cholemera ndi chaukali. Chinkalumpha, chinkalira, chinkaswa matope m'malo mowadula. Pofika pa phala, thukuta linali likudontha m'chibwano, ndipo bowo linali lokhadzukakhadzuka ngati pofukula fisi.

"Mabowo onsewa ndi anga, madamu, yang'anani okha. Chitsulo changa chimodzi chomwechi."

Nasilele anayang'anadi, koma sanaime pomwepo. Anayenda m'mphepete mwa thawale, nakhota kuseri kwa bango, kumene madzi amaphwa msanga ndipo munthu wa panjira saona. Patapita kanthawi anaitana.

"Ba Gideon! Nanga awa?"

Gideon anawadziwa asanawerame n'komwe. Mabowo ozungulira bwino, osalala m'mbali ngati kukamwa kwa botolo, okwana nkhonya imodzi. Zinali ngati wamva mawu a mwana wake m'nyumba ya eni.

"Ndi a chitsulo changa," anatero.

"Si a lero kapena a dzulo," anatero Nasilele. "Milomo yawo yang'aluka ndi dzuwa. Ndipo ili lapondedwa ndi njovu. Njovu zinadutsa liti kuno?"

"Tsiku lija zinagumula nkhokwe. Maliro asanagwe."

Teddy anali atawatsatira, kapusi ili m'manja. Anapukusa mutu mwachisoni.

"Amenewo anaboola okha amalume, madamu. Kukalamba kulibe mankhwala. Kumaliro kuja anaiwala chipewa, ndinachita kubwerera ine. Amalume, kumbukirani bwino, simunabwere kudzayesa matope?"

"Chaka chino saka sindinalitsitse."

"Mwaona? Aiwalanso."

Maso a Gideon anali pa chinthu china. Patsogolo pa mabowo osalala aja panali timaenje tosalowa pansi, tosalala ngati timbale, tothithikana malo amodzi. Anagwada, natisisita ndi zala. Apa chitsulo chinazungulira, chinazungulira, osaluma. Pambali pa komaliza panali chidindo cha chidendene, pamene munthu anaponda matope mwaukali.

Anakumbukira Luckson atakhala pakhonde, kamwala kali m'manja, akunena kuti ichi si chikwanje.

"Chafa," anatero Gideon. Mawu ake anatuluka ngati a munthu wofalitsa maliro. "Chitabuntha ndi matope, wakubayo anakachinoletsa. Anola mbali zonse ziwiri."

"Bwanji sananole monga mumanolera inu?"

Gideon anapisa m'thumba la malaya, naonetsa kamwala kotuwa.

"Ndani ali ndi makina onolera kuno?" anafunsa Nasilele.

"Ruben yekha."

Awiriwo atacheuka, Teddy anali kale kutsidya kwa thawale, akumangirira milamba ku njinga mofulumira, chitsulo cha Ruben atachisiya chili chiimire m'matope.

* * *

Anakamupeza Ruben pansi pa mvunguti kuseri kwa msika, magalasi akuda ali pamphumi, akuwotcherera mphanda ya njinga. Anali munthu woti ukamufunsa njira amayamba wakuuza mbiri ya msewu.

"Zoboolera? Mwafika kwa mwini wake, madamu. Tiyeni tinene chilungamo, a Chulu ali pomwepa. Chawo chija n'chopepuka, inde. Chimalowa mwaulemu ngati mkamwini, inde. Koma n'chonyada! Chikakumana ndi kamwala kamodzi m'matope, chakwiya. Changa? Changa mukhoza kumenyera ng'ona, n'kubwerera kukaboola. Chikabuntha mumangochikwecha pa mwala uliwonse wa panjira. Cha azungu chimafuna kunyengerera ngati mkazi wachiwiri."

"Mukuchidziwa bwino," anatero Nasilele. "Munachigwira liti komaliza?"

"Posachedwapa, pamene anachitumiza kuti ndinole."

"Anachitumiza ndani?"

Ruben anayang'ana Gideon, kenaka wapolisi, ndipo pakamwa pake panayamba kuchepa.

"A Chulu omwewa. Si choncho? Teddy anabwera nacho atachikulunga m'chitenje. Akuti amalume maso afooka, sakuonanso ponola, ndiye achite Ruben."

"Linali liti?"

"Maliro a ku Mambwe asanamveke. Ndikukumbuka chifukwa tsiku lomwelo anthu ankabwera kudzagula waya wokonzera nkhokwe."

"Unanola bwanji?" anafunsa Gideon. Ankadziwa yankho, koma munthu amafunabe kuona nkhope ya wakufa.

"Bwinobwino, madala! Mbali iyi, mbali iyo, monga timanolera nkhwangwa ndi chikwanje chilichonse chibadwire dziko. Mpaka ndinameta nacho ubweya wa pamkono, funsani aliyense. Ndinadabwa kuti zaka zonsezi munkanola mbali imodzi, ndinati koma akuluakuluwa ndi aulesi."

"Mpeni womwe umameta ubweya si womwe umaluma pansi," anatero Gideon.

"N'zimene ndinamva m'mawa mwake. Teddy anabwera akutukwana, akuti ndapha chitsulo, chikungovina pamatope. Ndinayesa kubwezera, koma chitsulo chodyedwa sichimera ngati tsitsi. Ndinamuuza kuti pita ukapepese kwa amalume ako, ine ndiperekeza. Iye anati amalume adziwa kale." Ruben anavula magalasi pamphumi, nawapukuta pa malaya. "A Chulu, ine sindinadziwe. Ndikanadziwa..."

"Chili kuti tsopano?" anadula Nasilele.

"Anachoka nacho. Analowera kumsewu wa kueyapoti, kumene Queen amayala ziboliboli zake."

Gideon anaimirira msanga kuposa wapolisi. Mipeni yafa, inde, koma thupi likadalipo. Luckson ananena kuti adzabweretsa mipeni yatsopano. Chitsulo chikapezeka, chikhoza kudikira kudenga monga mwini wake akudikirira pamphasa.

* * *

Queen anali mayi wonenepa wa mawu aakulu, amene ankagulitsa njovu zosema ndi zitenje kwa alendo opita kukakwera ndege. Atamuona Gideon anaomba m'manja.

"Amuna anga afika! A Gideon, mwabwera ndi apolisi kudzandifunsira? Ndinakuuzani kuti ndikufuna ng'ombe, osati mboni."

"Sitinabwerere nthabwala," anatero Gideon.

"Inu nthabwala munazikwirira limodzi ndi akazi anu. Nenani."

Nasilele anafotokoza. Queen anasiya kuseka, koma pang'ono pokha.

"Chitsulo chopotana chija? Ndinachiona. Teddy anachiimika apa pambali pa njovu zanga, akuti mwina mlendo wina achikonda. Ine ndinati iwe, azungu amagula mvuu ndi nyamalikiti, osati zitsulo zakutha. Ndisanatseke pakamwa, galimoto ya kampu inaima. Munatsika chimzungu chachikulu, ndevu zofiira ngati moto wa lupsa. Chinadutsa njovu zanga zonse osaziona, chinakaima pa chitsulocho, n'kuyamba kuseka. Chinaseka, madamu, mpaka kukhala pansi m'fumbi! Dalaivala anatiuza kuti kwawo n'kozizira, ndipo bambo ake anali ndi chotere. Akuti kuchipeza kuno, thukuta likutuluka ndi m'makutu momwe, n'chinthu choti kwawo sakakhulupirira. Anajambulitsa nacho, Teddy atamugwira paphewa."

"Kenaka?"

"Kenaka anagula. Anachipinda pakati, poti kani chimapindika, n'kuchiponya m'galimoto."

"Ali pa kampu iti?" anafunsa Gideon. "Tipite pompano."

Queen anamuyang'ana, ndipo ulendo uno nthabwala zinamuthera.

"A Gideon, munthu uja ankapita kukakwera ndege. Inanyamuka tsiku lomwelo cha m'ma fotini awazi. Inadutsa pamwamba pathu pano."

Gideon anakweza maso. Kumwamba kunali mbee, kopanda mtambo ngakhale mbalame. Chitsulo chinali chitabwerera kwawo kwa madzi oundana. Chinapeza njira imene iye sanaipeze, ndipo mwina tsopano chinali pafupi ndi Luckson kuposa bambo wake.

"Mboni zakwana," anatero Nasilele pang'onopang'ono. "Katundu wapita, koma munthu alipo. Tiyeni tikamutenge."

* * *

Mbiri inawatsogolera. Pofika kwa Harriet, mlongo wake wa Gideon, anapeza mphasa zoyala pansi pa mtengo, abale atakhala kale ngati pa chinkhoswe. Teddy anali pakati pa amayi, atazolika mutu. Harriet sanadikire moni. Anakwawa ndi maondo mpaka pa mapazi a Gideon.

"Alongo, ndamva. Walakwa, sindikukana. Mumenyeni, ndodo iyi. Koma mwabwera ndi boma pakhomo pa mbumba yanu?"

"Anandinyamula pa njinga," anatero Gideon. "Njira yonse ya ku Mambwe ankandiimbira nyimbo za maliro, akudziwa zimene anachita."

"Ndi mwana."

"Mwana wa ndevu, wa ana atatu."

"Ndi wanu! Kwathu kuno mwana wa mwamuna ndi uti? Si wa mlongo wake? Inu ndinu nkhoswe yathu. Mukamumanga, mwamanga dzanja lanu lomwe. Mukadwala adzakunyamulani ndani? Mukagona adzakumba ndani? Luckson?" Harriet anapukuta mphuno ndi chitenje. "Luckson ngwa kuchikazi, ndipo ngakhale mayi ake enieni anawapeza ataikidwa. Chibale ndi fupa, alongo, sichiwola. Chitsulo chimachita dzimbiri."

Abale anang'ung'udza movomereza. Wina anati nkhani za pabanja sizipita ku boma. Wina anati chinthu chake chomwecho chinali chachilendo, chosayenera kuno.

Nasilele anatembenukira kwa Teddy. "Iwe, uli ndi mawu?"

Teddy anadzutsa mutu. Ataona kuti anthu ali mbali yake, kumwetulira kuja kunayamba kubwerera.

"Ine sindinabe, madamu. Inu ndinu a kutali, mwambo wathu simuudziwa. Za amalume, wolowa ndine. Njinga, munda, thawale, zonse zidzagwera ine. Ndinangobwereka changa chomwe chisanafike nthawi. Ndinkafuna kubweza, koma Ruben anachiwononga. Ndikanabweza chakufa, amalume akanadwala nacho mtima. Ndinawamvera chisoni."

"Ndiye unawaikira paipi."

"Kuti asadandaule."

Nasilele anapumira m'mwamba, nayang'ana Gideon.

"Ba Gideon, kwathu ku Mongu munthu wotere timamutcha wakuba, ndipo lamulo limamutcha chimodzimodzi. Koma wodandaula ndinu. Mukati nditenge, nditenga pompano, Ruben ndi Queen adzanena zimene anena. Mukati ayi, ine ndilibe mlandu. Nenani."

Gideon anayang'ana nkhope zimene zinamuzungulira. Anawo anawalipirira sukulu ndi milamba. Amayiwo anawaweruzira maukwati. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti chitsulocho chinali chiyani kwa iye. Anaganiza za Luckson atakhala pa ndowa pakati pa nyanja youma, atavala zovala zambiri mpaka nkhope kusaoneka, akuyang'ana m'bowo. Kodi poyang'ana m'menemo amaona thawale la kwawo? Akanakhala pano akananena chiyani? Koma Luckson panalibe, ndipo manda sakumbidwa pa foni.

"Musiyeni," anatero.

Amayi analuluta. Harriet anagwira mapazi ake, nawagwedeza. Teddy anabwera kudzagwada, nati zikomo amalume, Mulungu akudalitseni, ndipo podzuka anasasa fumbi m'maondo.

Nasilele anavala chipewa chake. Podutsa pafupi ndi Gideon anaima pang'ono.

"Paipi ija ndikubwezereni?"

"Khalani nayo."

* * *

Mvula yoyamba itatsala pang'ono kugwa, galimoto ya kampu ina inaima panjira, dalaivala naitana dzina la Gideon. Mlendo wina wochokera ku Finilandi anali atanyamula kaphukusi. Luckson sakwanitsa kubwera chaka chino, anatero dalaivala, ntchito yachuluka ndipo mkazi wake ali ndi pakati, koma akuti moni wambiri, ndiponso akuti lonjezo sanaiwale.

Gideon anakatsegulira m'nyumba. Munali mipeni iwiri yaing'ono yokhota, yatsopano, yonyezimira, yopaka mafuta. Anaiyang'anitsa pa kuwala kwa pakhomo. Inali yonoledwa mbali imodzi yokha.

Harriet, amene anaona galimoto, anafika akupuma mofulumira, nasuzumira m'manja mwake.

"Basi, zokhazi? Osaikamo ngakhale sopo?" Anaitola umodzi, naubweza. "Nanga inu muchita nayo chiyani tsopano? Mupatseni Teddy, Ruben akamuwotcherere pa chitsulo chake. Zingakhale zosatayika."

Gideon anaikulunganso m'pepala lake la mafuta, naiika m'thumba la malaya pamodzi ndi kamwala.

M'mawa mwake, asanatsegule chitseko, dzanja lake linakwera lokha kudenga. Linapeza chingwe chikulendewera. Panja belu la njinga linalira. Teddy ankachokera kuthawale la Gideon, chitsulo cha Ruben chili paphewa, milamba ikulendewera mbali zonse za kaliyala.

"Mwadzuka bwanji, amalume?" anafuula osatsika, napitirira kumsika.